Mmenye Kapena Umenye

Tsikulo kunali mphepo yopanda mwambo. Inkanyamula fumbi ndi mapepala n'kumalowa nazo m'nyumba za anthu osaodira, ndipo malata a shedi ya Amisiri ankalira ngati pali munthu akuwamenya ndi mtengo.

Amisiri anali owotcherera zitsulo. Ankapanga mageti, mafelemu a mawindo ndi mabedi. Loweruka ankaweruka msanga chifukwa cha mpira wa mwana wawo wamkazi, amene aliyense ankamutchula kuti Kachiwala chifukwa cha timiyendo take. Mayi ake atamwalira, mwanayo anangoti zii ngati bambo ake, moti m'nyumbamo munkamveka masupuni okha. Mpira ndi umene unamubwezera mawu. Akalowa m'bwalo ankakuwa, ankaseka, ankalamula anyamata omuposa msinkhu. Anthu ena ankapita kumpira kukaonera. Amisiri ankapita kukamvera.

M'mawawo Kachiwala anaima pakhomo la shedi, jezi ili m'manja. Anadikira mpaka makina atazima.

"Ababa."

Amisiri anakweza magalasi akuda n'kuwasiya pamphumi.

"Amalume akachitanso zija lero, ine mpira ndasiya. Sindikuseka."

"Mm."

"Osati mm. Mukawauze."

Anatembenuka n'kumapita kukatsuka nsapato zake.

Amalumewo anali mlongo wa malemu mayi ake. Ntchito yawo inali yoitanira anthu padepoti ya minibasi, ndipo Mulungu anawapatsa kholingo lokwanira ntchitoyo n'kutsalako lina lochita nalo zina. Loweruka lapitalo anauza woyimbira mpira kuti maso ake anawaiwala kuchimbudzi. Kenako analowa m'bwalo kukafufuza ndevu pachibwano cha goloboyi wa timu inayo, kamwana kamene mano akutsogolo anali asanamere n'komwe. Ndipo pamene mnyamata wina anamulanda mpira Kachiwala, iwo anakuwa kuti, "Mthyole!" Pofika Lolemba sukulu yonse inali itamupatsa mwanayo dzina latsopano. Ngakhale mlonda wa pageti ankamulonjera kuti, "Wadzuka bwanji, Mthyole?"

Amisiri ankamudziwa mwana wawo. Akanena kuti wasiya, ndiye kuti wasiya. Khalidwe limenelo sanalitole mumsewu.

Koma kuwauza alamu awo inali nkhani ina. Munthuyo ndi amene ankagona pakhonde la chipatala pa matenda a mlongo wake. Ndi amenenso ankabwerabe kunyumba kudzadzaza pabalaza ndi phokoso, pamene abale ena onse anali ataiwala njira. Munthu wotero umayamba ndi liwu liti pomuuza kuti atseke pakamwa?

Anapita kudepoti. Anawapeza Amalume atalendewera pachitseko cha minibasi, akulumbira kwa mayi wina kuti galimotoyo inyamuka pompano, pamene dalaivala anali pansi pake ndi sipanala.

"Alamu anga! Mwabwera kudzakwera kapena kudzaona kukongola kwanga? Malo alipo kumbuyo, onse akhalako ndi oonda!"

"Mpira," anatero Amisiri.

"Ndikudziwa! Lero tiwadya osaphika."

"Mwana akuti…" Amisiri anayang'ana tayala la minibasiyo. Linali lotha, waya akuonekera. "Pang'onopang'ono."

"Aa, za lamulo latsopano lija? Kochi wandiuza kale. Akuti osanyoza woyimbira, osanyoza ana a eni, osatuma mwana kuti apweteke mnzake. Wochita zimenezo, kunja kwa geti. Alamu, lamuloli ndaliunika bwinobwino, kutsogolo ndi kumbuyo. Likuteteza anthu. Nanga mpira ndi munthu?"

Amisiri anayang'ananso tayala lija.

"Mpira uli ndi bambo ake? Uli ndi komiti? Ndiye lero ine ndicheza ndi mpira basi. Munthu sindimutchula olo mmodzi. Dekhani mtima."

Amisiri anaona kuti nkhani sinalowere kumene ankaifuna. Koma mawu amene anabwera nawo anali atatha, choncho anabwerera kushedi kukatseka.

Bwalo linali la pasukulu, lozunguliridwa ndi mpanda wa njerwa wotalika. M'mbali mwake anamangamo chingwe pa zikhomo kuti makolo asapitirire. Chingwecho chinali choonda, ndipo makolowo sanali oonda.

Kunali Mayi a pabutchala, amene mwana wawo ankatchinga kumbuyo. Anzake ankamutchula kuti Firiji, chifukwa anali wamkulu, wofatsa, ndipo pomusuntha pankafunika anthu awiri. Kunali Abusa, bambo a goloboyi, amene ankati amabwera kudzangodalitsa masewero. Kutimu inayo kunali bambo wina wa jekete, foni ili m'mwamba, amene ankathamanga m'mbali mwa chingwe limodzi ndi mwana wake, akumuuza mwendo woti aponde.

Woyimbira anali mtsikana wamfupi, mphunzitsi wa ana aang'ono. Masewero asanayambe anabwera pachingwe, wezulo ili m'khosi.

"Makolo, mpirawu ndi wa ana. Wanu munasewera kale, ndipo ndamva kuti ena mwa inu simunkachinya."

Anthu anaseka, aliyense akuyang'ana mnzake.

"Chemererani. Ombani m'manja. Mwana wa mnzanu akachita bwino, muombereninso, manja sathyoka. Ndikalakwitsa ine, mukandinene kunyumba kwanu. Koma wotukwana, kapena wouza mwana kuti apweteke mnzake, geti ndi ilo."

"Mwalankhula bwino, Madamu!" anatero Amalume, n'kuomba m'manja okha.

Mpira unayamba. Mphepo inali mbali ya timu inayo, ndipo mpira uliwonse wokankhidwa m'mwamba unkabwerera kwa mwini wake. Amalume anapirira kwa nthawi yokwanira kumeza malovu. Kenako anaika manja pakamwa.

"Iwe mpira! Ukupita kuti uko? Kuli abale ako?"

Palibe anadandaula.

"Mpira iwe, usamuope wamtaliyo! Akazi ake akumudikira kunyumba, achoka posachedwa!"

Makolo anaseka. Mnyamata wamtaliyo anawerama ngati akufuna kufupika.

Woyimbira ataimba wezulo kuti mpira watuluka, Amalume anapukusa mutu mwachisoni.

"Pepa, mpira. Ulibe maso, koma umaona kuposa anthu ena amene ali nawo awiri."

Woyimbira anatembenuka.

"Ndikucheza ndi mpira, Madamu! Ndife mabwenzi akale!"

Choipa chimafala msanga kuposa chimfine. Posakhalitsa chingwe chonse chinayamba kulankhula ndi mpira. Mayi a pabutchala anautuma kuti ukauze Kochi kuti mwana wawo si mchira woti azingotsalira kumbuyo. Bambo wa jekete anaufunsa ngati unaonapo makolo osaphunzira ngati a tsidya lino. Abusa sanalankhule ndi mpira. Analankhula ndi Mwini mphepo, mokweza, kumukumbutsa kuti mphepoyo ndi yake ndipo akhoza kuitembenuza ngati akufuna.

Amisiri anaima pafupi ndi alamu awo, manja ali kumbuyo. Phokoso lonselo silinkawavuta. Moyo wawo wonse anakhalira pakati pa zitsulo. Chinkawavuta ndi liwu limodzi limene silinkamveka. Kachiwala ankasewera, inde. Ankathamanga, ankapatsira anzake. Koma pakamwa pake panali potseka, ndipo mapewa ake anali atakwera mpaka m'makutu. Amalume akakuwa, ana a timu inayo ankamuyang'ana iye n'kumanong'onezana.

Pa nthawi yopuma anabwera kudzatenga botolo la madzi. Anamwa, anabweza botolo, anawayang'ana bambo ake m'maso, n'kubwerera. Sananene kanthu. Amisiri anamva zonse.

Anapita kwa mayi wogulitsa zipatso pakona n'kubwerako ndi lalanje lalikulu. Anaganiza kuti pakamwa podzaza sipangakuwe. Apa anaonetsa kuti ntchito ya padepoti sankaidziwa. Amalume anadya lalanje lonse akukuwa, njere zikuuluka ndi mphepo n'kumagwera pa jekete ya bambo uja.

Chigawo chachiwiri chili mkati, mpira unafika kwa kamnyamata kakang'ono kuposa onse a timu inayo. Jezi inkakafika m'mawondo. Koma kanali ndi mapazi. Kanadutsa mmodzi, kanadutsa wina, kanamuzungulira Kachiwala, n'kubwera m'mbali mwa chingwe, pafupi penipeni ndi pamene panaima Amisiri ndi alamu awo. Kutsogolo kwake kunatsala Firiji yekha.

Apo Amalume anaiwala bwenzi lawo lakale.

"Mmenye! Mmenye, iwe!"

Firiji anali mwana woleredwa bwino. Wamkulu akamutuma, sankafunsa. Anausiya mpira kuti uzipita kumene ukupita, n'kukamenya kamnyamatako pa kakolo.

Kanagwa, kanagubuduka, kanalira kulira kwa mwana weniweni, koitana amayi. Wezulo inalira. Chingwe chonse chinangoti zii, kupatula Abusa amene anachedwa kumaliza chiganizo chawo.

Woyimbira anayamba wagwada pa mwanayo. Anamugwira phazi, analipinda uku ndi uku, anamuimiritsa. Fupa linali bwino. Kenako anamuitana Firiji.

"Wamumenyeranji mnzako?"

Firiji analoza ndi chala, misozi ili m'maso. "Andituma ndi Amalume."

Woyimbira anayenda pang'onopang'ono kubwera pachingwe, ngati mmene amayendera mphunzitsi akamapita kumbuyo kwa kalasi.

"Bambo, geti."

"Ine? Ndatani?"

"Mwauza mwana kuti amenye mnzake."

"Aa, Madamu! Ndati umenye! U! U wa mpira! Inu ndinu aphunzitsi, zimenezi mumaphunzitsa. Mpira timati umenye. Munthu timati mmenye. Ine ndati u. Mphepoyi ndi imene yandipotozera mawu. Taonani mmene ikuchitira ndi mpira, nanga mawu opanda chikopa ingawasiye?"

"Bodza!" anakuwa bambo wa jekete, akudumpha chingwe. "Anati m! Ndajambula zonse!"

Anakweza foni, anatsegula, anthu n'kuunjikana. Munamveka mphepo, fuu fuu. Kenako munamveka liwu la mwini foni, loyera bwino, likuuza mwana wake kuti, "Kumanzere, chitsiru iwe!" Bamboyo anaibweza foniyo m'thumba n'kudumphanso chingwe kubwerera kumene anachokera.

"Abusa, inu munamva chiyani?" anafunsa woyimbira.

"Ine ndinali m'pemphero, mwana wanga."

"Mayi?"

"Ine ndinamva u," anatero Mayi a pabutchala. "Zangochitika mwangozi. Koma ngati mukuganiza zomutulutsa mwana wanga, ndiye ndinamva m. Anachita kutumidwa."

Anthu anayamba kukangana za u ndi m ngati ndi mlandu wa malo. Ena ankayesa kukuwa mawu onse awiri kuti amve kusiyana kwake, moti Firiji anayamba kuyang'anayang'ana kuti amenyenso ndani.

Amisiri sankamvera zimenezo. Maso awo anali pakona ya bwalo. Kachiwala anali atakhala pansi, atapereka msana kwa anthu. Nsapato imodzi inali kale pambali pake. Anali akumasula inayo.

"Bambo inu."

Woyimbira anali ataima patsogolo pawo.

"Munali nawo pafupi kuposa aliyense. Simunakuwe chiyambire, ndiye makutu anu ndi opuma. Anati u kapena m?"

Amisiri anawayang'ana alamu awo. Amalume anali akumwetulira, koma maso awo ankapempha. Anali maso a malemu. Banja lonselo linagawana maso amodzi.

"Mm," anatero Amisiri.

"Mwamva!" anakuwa wa jekete, ali kuseri kwa chingwe. "Akuti m!"

"Ayi, ayi, ayi, imani kaye!" Amalume anatambasula manja. "Awa ndi alamu anga, ndimawadziwa ine. Mm wawoyu si m. Ukawafunsa kuti tiyi kapena madzi, mm. Ukawauza kuti nyumba ikupsa, mm. Tsiku la ukwati wawo anafunsidwa ngati akumukonda mkaziyu, iwo mm, mpaka mlongo wanga anachita kuwaponda phazi. Mm wa alamu anga, Madamu, mukamumasulira bwino, ndi u!"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira chingwe. Woyimbira naye pakamwa panagwedezeka. Anali atatopa. Anayang'ana wotchi, anayang'ana ana amene ankazizidwa ndi mphepo, ndipo anayamba kukweza wezulo kuti masewero apitirire.

Amisiri anaona kuti njira yawatsegukira. Zoona anali atanena. Alamu awo anali asanachite manyazi. Munthu akanatha kupita kwawo n'kukagona bwinobwino. Mm ameneyu anawapulumutsa m'zambiri pa moyo wawo, kwa makasitomala, kwa apongozi, kwa anthu a kutchalitchi.

Pakona paja Kachiwala anaimirira. Anali ndi masokosi okha. Anamanga zingwe za nsapato ziwirizo pamodzi, anazikoleka paphewa, n'kuyamba kuyenda molunjika kugeti.

"Anati mmenye."

Liwulo linatuluka ladzimbiri, ndiponso lalikulu kuposa mmene mwini wake ankafunira. Linali liwu lozolowera kuitana munthu makina odulira zitsulo akulira. Ngakhale goloboyi wa kutali uja anatembenuka.

"Anati mmenye. Mwanayo, osati mpira. Ndipo anabwereza."

Wezulo inaima pakati pa chifuwa ndi pakamwa pa woyimbira. Kachiwala naye anaima.

"Alamu," anatero Amalume, motsitsa mawu koyamba tsikulo. "Inu? Pagulu?"

"Taonani uko."

Amalume anayang'ana kumene chinaloza chibwano cha Amisiri.

"Mwana wa mlongo wanga wavuliranji nsapato? Zikumuthina?"

"Inu."

"Ine ndikumuthina?"

"Mm."

"Mm ameneyu ndiye uti?"

"Weniweni."

Amalume anatsegula pakamwa, koma sipanatuluke kanthu. Anthu amene analipo amanenabe za mphindi imeneyo, chifukwa palibe anaionapo kale. Amalume anamuyang'ana mwanayo, masokosi ake ofiira ndi fumbi. Kenako anakonza kolala ya malaya, anachotsa njere ya lalanje imene inakakamira pachifuwa, n'kuweramira mpira umene unali utaima pafupi ndi chingwe.

"Tsala bwino, mnzanga. Anthu awa sakutiyenera."

Anayenda kupita kugeti mutu uli m'mwamba. Podutsa pafupi ndi kamnyamata kopwetekedwa kaja anaima, anafunafuna m'thumba, sanapezemo kanthu, ndiye anangokasisita pamutu n'kunena kuti, "Uli ndi mapazi, iwe. Ukakula usadzakhale woyimbira." Mlonda anawatsegulira geti n'kulitsekanso.

Firiji anapatsidwa kadi yachikasu, ndipo anauzidwa kuti apepese. Anapepesa kwa kamnyamatako, kwa woyimbira, kwa Kochi, ndipo akanapitirira mpaka kwa Abusa akanapanda kumuletsa.

Kachiwala anabwera pachingwe, nsapato zidakali paphewa. Anawayang'ana bambo ake kuyambira kumapazi mpaka kumutu ngati akuona mlendo.

"Ababa, mwakuwatu."

Amisiri anayang'ana pansi.

"Anthu onse amva. Mpaka kumsewu."

"Pepani, mayi."

"Musazolowere."

Anakhala pansi pomwepo, anamasula mfundo ija ndi mano, n'kuyamba kuvala. Woyimbira anamudikira. Wezulo italira, mwanayo anathamangira pakati pa bwalo, ndipo sipanapite nthawi Amisiri anamva chimene anabwerera.

"Firiji! Mpira uli uku, iwe! Usamvere aliyense, umvere ine!"

Chingwe chinali chitafatsa. Wa jekete ankajambula ali chete. Abusa ankapempherabe, koma chamumtima. Mayi a pabutchala anaomba m'manja kamnyamata kaja katadutsanso mwana wawo, kenako anayang'ana manja awowo modabwa.

Apo kunja kwa mpanda kunamveka chiphokoso cha chitsulo chikugubuduzika pamiyala. Amisiri chitsulo ankachidziwa ndi khutu: unali mgolo wopanda kanthu. Anasuzumira pamipata ya geti. Amalume anali atapeza mgolo wa zinyalala wa pasukulupo, ataukhuthula, ndipo ankaugubuduza kupita nawo kumpanda, mbali imene inayang'anizana ndi golo ya timu inayo. Atafika anauimika chozondoka, anaugwedeza kuti aone ngati ungapirire munthu, n'kuyamba kupinda miyendo ya thalauza. Lamulo linati kunja kwa geti. Za pamwamba pa mpanda silinanene.

Amisiri anayang'ana m'bwalo. Kachiwala anali ndi mpira, mphepo ili kumsana kwake, akukuwira anzake kuti athamange. Kunja kwa mpandawo munthu wokhala pansi sakanaona chilichonse.

Amisiri anapempha mlonda kuti atsegule geti, anatuluka, n'kukakhala pamgolopo alamu awo asanakwerepo.